Ndalama za dimba zapita kuti?

Wapampando: Azimayi, za dimba ndi izi. Tinatapa K150,000 m'bokosi la banki m'khonde yathu. Mbewu, feteleza, makeni awiri ndi aganyu zinadya K138,000. Mpiru, repu ndi tomato tagulitsa K196,000. Tikabweza ya m'bokosi ndi chiwongola dzanja chake, K180,000, patsala K16,000 yogawana.

Make Tadala: K16,000 anthu 14? Miyezi itatu ndakhala ndikudzuka 5 koloko kukatunga madzi mu Nasolo, msana kuchita kuwawa, lero ndilandire ya sopo? Nanga K12,000 yotsala pogula zinthu ili kuti? Sukulu sindinapite nayo patali koma 150 kuchotsa 138 ndimadziwa.

Wapampando: Inapita kwa mlonda, mwezi uja ankatibera tomato.

Make Tadala: Mlonda wake mlamu wanu uja? Tinakambirana tsiku liti? Alembi tiuzeni.

Mlembi: M'buku mulibe.

Wapampando: Ndinanena pakamwa kwa aNabanda, munali mutachoka kale ngati mwa masiku onse. Ndipo inu Make Tadala musanaloze anzanu chala, muli ndi chindapusa cha K6,000. Masiku atatu osathirira. Ndime 9 ya malamulo a gulu mukuidziwa.

Make Tadala: Koma inu mayi, muope Mulungu. Masiku amenewo Tadala anali atagonekedwa ku Queens, ine ndikugona pansi pomudikirira. Ndani wa inu anabwera ndi phala lokha? Ndinatuma mdzukulu wa achemwali anga kuti akathirire, tsiku loyamba anapeza makeni atsekeredwa m'nyumba mwa Make Yami, eni ake apita ku Limbe kukaoda kaunjika. Lachiwiri anathirira ndi chidebe, aNabanda anamuona ndi maso awo. Lachitatu kunagwa chiperoni, mumafuna athirire chani? Pamene ena amatumiza ana tsiku ndi tsiku palibe amawalemba.

Make Yami: Dzina langa lisalowe m'menemo chonde. Makiyi ndimasiya pansi pa mtondo, aliyense akudziwa.

Make Tadala: Zofanana ndi za 2023. Namondwe Freddy atagwetsa khoma langa munandipatsa K10,000 ya zadzidzidzi, wina denga lokha K25,000. Ndinangokhala chete.

NaBanda: Azimayi tiyeni tizilemekezana. Dimba limeneli ndi lomwe lapangitsa kuti ife a kumtunda ndi inu a kumunsi tizipatsana moni. Kale tinkangodutsana pa mpope. Koma zoona, mwana uja ndinamuona akuthirira, ndipo za mlonda ine sindikuzikumbuka.

Wapampando: Ndiye mukuti ndaba? Tengani mpando wanuwo, ndatopa nanu.

Make Yami: Poti tayamba, nkhuku za ndani zimatha mpiru bedi la kumapeto? Komanso amene akutaya matewera kumtunda kwa dimba asiye, makasitomala pamsika wa Ndirande ayamba kufunsa madzi omwe timathirira.

Make Tadala: Za nkhuku Loweruka. Alembi, jambulani tsamba la dimba mutumize pano.

Make Tadala: Alembi?

Make Tadala: Ndikuona kuti mwawerenga nonse. Sheya yanga sabata ino sindiponya.