Matabuleti a ku misika mu Intune: ndiwagawe potengera boma kapena ntchito?

wa_IT_Kanengo:

Moni akuluakulu. Ndithandizeni maganizo nyengo yogula mbewu isanayambe.

Ndimayang'anira za IT pa kampani ina yogula soya ndi mtedza kwa alimi. Likulu lili ku Lilongwe kuno, koma misika yathu ili ku Mchinji, Kasungu, Dedza ndi Ntcheu. Pa IT ndilipo ndekha. Ndili ndi matabuleti a Samsung 86 omwe makalaliki amalembera makilo pa sikelo, mafoni a kampani 23 a madalaivala ndi masupavaiza, komanso anthu a mu ofesi pafupifupi 30 omwe amawerenga imelo ya kuntchito pa mafoni awoawo. Zonsezi zili mu Intune, pulogalamu ya Microsoft yoyang'anira mafoni ndi matabuleti uli patali, poti tinali kale ndi layisensi ya Microsoft 365 Business Premium, momwe Intune ilimo kale.

Chaka chatha ndinagawa zipangizo potengera boma: gulu la Mchinji, gulu la Kasungu, choncho. Zinkaoneka zomveka chifukwa bajeti ndi malipoti athu zimayendanso motero. Chipangizo chilichonse ndinkachilowetsa m'gulu ndi manja, ndipo matabuleti ndinawalembetsa ngati fully managed, kutanthauza kuti kampani imalamulira chipangizo chonse, iliyonse pa akaunti ya kalaliki wake.

Zinasokonekera mu Juni. Soya atachepa ku Dedza, amanejala anakweza matabuleti 11 pa lole n'kupita nawo ku Kasungu. Sanandiuze, ndipo sindiwadzudzula, mutu wawo umakhala pa matumba osati pa magulu anga. Sabata yotsatira ndinatumiza app yatsopano yolembera malisiti ku gulu la Kasungu. Matabuleti 11 aja sanailandire chifukwa mu Intune anali akadali a ku Dedza. Makalaliki analemba m'mabuku masiku awiri, alimi ali pamzere ndi ngolo zawo padzuwa, ndipo ndalama za ena zinachedwa kutuluka. Zimenezo zimandiwawabe. Kenanso policy (lamulo la mu Intune) yotseka kamera, yomwe ndinapangira matabuleti, inagwera foni ya supavaiza chifukwa inali m'gulu lomwelo, pamene iye ntchito yake n'kujambula matumba onyowa.

Pofuna kukonza ndinayamba kuwonjezera magulu: Kasungu matabuleti, Kasungu mafoni, Kasungu obwereka. Pano ndili ndi magulu 17, ena sindikukumbukiranso chomwe ndinawapangira.

Matabuleti onse abwerera, ali m'sitolo ku likulu, ndipo misika itsegulidwa pakatha milungu isanu. Ndifufute zonse n'kuyambiranso? Ngati ndi choncho, anzanga mumagawa potengera chiyani?

mlonda_wa_seva:

Achimwene, yambiraninso, ndipo muchite panopo matabuleti akadali pamalo amodzi. Akabalalika kupita ku misika mwayi umenewu simuupezanso mpaka chaka chamawa.

Ine ndili ku Blantyre, pa bungwe lina la zaumoyo, ndipo ndinadutsamo momwemo. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti gulu liyenera kumangidwa pa chinthu chomwe sichisintha popanda inu kudziwa. Boma limene tabuleti ili limasintha ndi lole imodzi. Koma ntchito yake sisintha: ya pa sikelo ndi ya pa sikelo, kaya ili ku Mkanda kaya ku Lizulu. App, policy ndi zoletsa zonse zimatsatira ntchito, choncho magulu nawonso atsatire ntchito.

Kwa inu ndikuona mitundu itatu basi, ndipo Android Enterprise, dongosolo la Google loyang'anira zipangizo za kuntchito, inaikonza kale. Matabuleti a pa sikelo akhale dedicated device. Mtundu umenewu sumangika pa akaunti ya munthu, ndipo mutha kuutsekera mu kiosk kuti pa sikirini pazioneka app ya malisiti yokha kapena ma app ochepa omwe mwasankha kudzera mu Managed Home Screen. Makalaliki anu, ngati ndikumva bwino, ambiri ndi aganyu a nyengo yokolola, ndiye n'chifukwa chiyani muzivutika kutsegula ndi kutseka maakaunti 86 chaka ndi chaka? Mafoni a madalaivala ndi masupavaiza akhale fully managed monga alilimu. Mafoni a anthu a mu ofesi, poti ndi awo, akhale pa work profile, yomwe imapatula ma app a ntchito ku zinthu za mwini foni.

Tsono apa ndi pomwe pali phindu. Pangani enrollment profile (njira yolembetsera chipangizo mu Intune) yosiyana pa mtundu uliwonse wa zipangizo za kampani, muipatse dzina lomveka, mwachitsanzo Tabuleti-Sikelo. Kenako mu Entra ID, komwe kumakhala maakaunti ndi magulu a kampani, pangani dynamic group (gulu lodzaza lokha) ya zipangizo yokhala ndi lamulo ili:

device.enrollmentProfileName -eq "Tabuleti-Sikelo"

Tabuleti iliyonse yolembetsedwa ndi QR code ya profile imeneyo imalowa yokha m'gulumo, inu osagwirapo. Dynamic group imafuna layisensi ya Entra ID P1, koma mu Business Premium muli kale.

Kusintha kuchoka pa fully managed kupita pa dedicated kumafuna factory reset, kufufuta zonse kuti tabuleti ibwerere monga inalili yatsopano, palibe njira yachidule. Mukafufuta, pa sikirini yoyamba ya moni ija gogodani kasanu ndi kamodzi pamalo opanda kanthu, kamera itseguka, mujambule QR code. Sindikizani QR papepala, pezani anthu awiri okuthandizani ndi Wi-Fi yabwino, muzichita khumikhumi.

Gulu lachinayi lomwe ndingawonjezere ndi loyesera, ili lokha lodzaza ndi manja. Matabuleti anayi kapena asanu, imodzi pa tebulo panu, ena kwa makalaliki omwe mumadziwa kuti china chikavuta adzakuimbirani. Chatsopano chilichonse chiyambe chagona kumeneko masiku awiri chisanapite kwa onse.

mlongo_wa_ku_Joni:

Ndikugwirizana ndi akulu a ku Blantyre pa zambiri, koma boma musalitaye kotheratu. Ndimagwira ntchito ku Johannesburg pa kampani yonyamula katundu, tili ndi madepoti angapo, ndipo pali zinthu zomwe zimatsatiradi malo: Wi-Fi ya depoti, ndi munthu amene ali ndi mphamvu yokhudza zipangizo za pamalopo. Kusiyana kwake n'kwakuti malo sakhala maziko a gulu, amangokhala chizindikiro pa chipangizo. Wi-Fi ya madepoti onse ife timangoitumiza ku zipangizo zonse za mtundu umodzi, chikafika kulikonse chimalumikizika chokha. Tsiku lina mukadzapeza wokuthandizani ku Kasungu, scope tag ndi yomwe idzamulole kuona zipangizo zake zokha.

Zinthu zitatu zoti musamale nazo.

Dynamic group sidzaza nthawi yomweyo. Nthawi zina ndi mphindi zochepa, nthawi zina maola. Mukamalembetsa matabuleti 86 mudzaona ena atakhala opanda app kwa kanthawi, musathamangire kufufutanso. Ngati mukufuna kuti zizifulumira, gwiritsani ntchito filter, sefa yosankha zipangizo zoyenera kulandira: tumizani policy ku All devices, n'kuika filter ya enrollmentProfileName yomweyo. Filter imawerengedwa pa nthawi yomwe chipangizo chikulankhula ndi Intune, siyidikira kuti gulu lidzaze. Ife pano zambiri tinasamutsira ku ma filter ndipo magulu anatsala ochepa kwambiri.

Chachiwiri, musasakanize gulu la anthu ndi gulu la zipangizo pa assignment imodzi (posankha olandira policy kapena app), kunena kuti include (kulowetsa) gulu la anthu koma exclude (kupatula) gulu la zipangizo. Intune siyisiyanitsa motero, ndipo zotsatira zake sizikhala zomwe mumayembekeza. Kwa dedicated gwiritsani magulu a zipangizo okhaokha, poti kulibe munthu. Kwa work profile gwiritsani magulu a anthu.

Chachitatu ndi layisensi. Ya Business Premium ndi ya munthu. Chipangizo chopanda munthu chili ndi layisensi yakeyake ya Intune yowerengera pa chipangizo. Kambiranani ndi amene amakugulitsani malayisensi musanafufute tabuleti ngakhale imodzi. Mwina mupeza kuti mukupulumutsa ndalama mukasiya kulipirira makalaliki aganyu, ndipo imeneyo ndi mfundo yabwino yopita nayo kwa abwana.

wakumunda_Mzimba:

Ine sindine wa IT kwenikweni, ndimayang'anira achinyamata otolera deta ndi app ya mafomu ya KoboCollect m'midzi, koma matabuleti athu 24 ndimawasamalira ndine pa ManageEngine, pulogalamu ina yofanana ndi Intune, yomwe ndi yaulere mpaka zipangizo 25. Zomwe ndinene zikukhudza kumudzi, kaya muli pa pulogalamu iti.

Anzathu a mu tauni amaiwala kuti lamulo lililonse lomwe mwatumiza limadikira tabuleti ipeze netiweki. Muli pa mpando ku Lilongwe mwadina, mukuona ngati zatheka, pamene tabuleti ili m'chikwama cha kalaliki kuseri kwa phiri. Ndiye gulu la matabuleti a pa sikelo likhale ndi malamulo akeake a za intaneti. Ma app azichita update pa Wi-Fi pokha. Ine nthawi ina ndinasiya chitseko chimenecho chotsegula, bandulo ya mwezi wonse inatha m'masiku anayi ndipo mafomu a sabata imeneyo anakhala osatumizidwa. Update ya Android yeniyeniyo muiimitse pa nyengo yogula. Pali freeze period yomwe imafika masiku 90, muitchere kuyambira tsiku lotsegula misika. Tabuleti yoyamba kudzikonza yokha 9 koloko m'mawa, batire ili pa theka ndipo magetsi kulibe, ndi tsiku lathunthu lotayika.

Muyang'anenso masiku omwe mwaika kuti chipangizo chikakhala chete chizichotsedwa pa mndandanda. Matabuleti anu amagona m'sitolo miyezi ingapo nyengo ikatha. Mukaika masiku ochepa, mudzapeza asowa pa sikirini panu pamene ali bwinobwino pa shelefu.

Ndipo chonde, musanafufute tabuleti iliyonse, yatsani muone ngati mulibe malisiti omwe sanakwere ku seva. Wipe, lamulo lofufuta zonse, siyifunsa. Kumbuyo kwa lisiti lililonse kuli mlimi amene akudikira ndalama zake.

Za mafoni a anthu a mu ofesi, akhalitseni pansi muwafotokozere. Anthu akamva kuti a IT aika chinthu mu foni mwawo amaganiza kuti mukuwerenga WhatsApp yawo, ndipo ena amayamba kubisa foni. Awonetseni kuti pa work profile inu mumalamulira mbali ya ntchito yokha, ma app okhala ndi kachikwama kaja, ndipo akasiya ntchito mumachotsa mbali imeneyo basi, zithunzi za ana awo osazikhudza. Muwalembere papepala asayine. Pano tili ndi lamulo loteteza deta la 2024, ndipo maina ndi manambala a alimi omwe ali m'matabuletimo akukhudzidwanso nalo.

wa_IT_Kanengo:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Dzulo ndinayatsa matabuleti onse monga ananenera achimwene a ku Mzimba, ndipo awiri anali ndi malisiti 40 ndi kanthu a mu Ogasiti omwe sanakwere. Alimiwo analipidwa kudzera m'mabuku, koma mu sisitimu munalibe. Ndikanafufuta osaona, maakaunti athu sakanagwirizana mpaka kalekale.

Ndapanga profile ya Tabuleti-Sikelo ndipo ndayesa pa matabuleti asanu. Anayi analandira app mwachangu, imodzi inatenga pafupifupi ola, monga munachenjezera achemwali. Ndiyesa filter mawa. Za layisensi ndalemba kale imelo.

Madalaivala ndi masupavaiza ndaganiza zowasiyanitsa, poti dalaivala amangofuna Google Maps, foni ndi app ya maulendo, pamene supavaiza amafuna kamera, imelo ndi Teams. Ndiye magulu akhala asanu pamodzi ndi loyesera. Tabuleti iliyonse ndaimata sitika ya nambala, ndipo dzina lake mu Intune ndi nambala yomweyo. Komwe ili ndizilemba mu Excel yomwe amanejala a misika azisintha okha akasamutsa katundu. Akaiwala, palibe chomwe chiwonongeke.

Funso limodzi latsala. Chaka chatha tabuleti imodzi inasowa ku msika. Pa dedicated, poti mulibe akaunti ya munthu, wakuba sangangoifufuta ndi mabatani n'kukaigulitsa?

mlonda_wa_seva:

Angathe ngati simunatseke. Mu device restrictions ya gulu la matabuleti muli malo olembedwa Factory reset protection emails. Ikanimo akaunti ya Google ya kampani. Wina akafufuta ndi mabatani, tabuleti ikayaka imafunsa akaunti imeneyo ndipo siyipitirira. Letsaninso factory reset ya mu Settings ndi USB debugging, yomwe imalola munthu kulamulira tabuleti ndi kompyuta kudzera pa chingwe.

Akaunti imeneyo isakhale yanu ya Gmail, achimwene. Tsegulani ya kampani, pasiwedi yake ilembedwe, itsekeredwe mu envelopu kwa abwana a zachuma, kuti tsiku lomwe inu mwadwala kapena mwapita ku maliro wina athe kutsegula. Ndipo yesani pa imodzi mwa asanu ajawo kaye: ifufuteni ndi mabatani muone ngati akauntiyo ikutsegula, musanaitumize kwa 81 otsalawo.