Lamulo limodzi ku America, zigamulo ziwiri: zimatheka bwanji?

Mphunzitsi_waKatoto:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mlongo wanga wa ku Houston akuti mlandu umene ungapambane ku California ukhoza kuluza ku Texas, chonsecho lamulo ndi lomwelo la boma lalikulu. Ndimaphunzitsa Fomu 3 ndipo sindifuna kunamiza ana. Si Supreme Court imagamula zonse, ngati kuno?

Nyirenda_Luwinga:
Aphunzitsi, mlongo wanuyo sananame. Pakati pa makhothi 94 oyambira milandu ndi Supreme Court pali makhothi a apilo 13, amawatcha ma circuit. Anayamba mu 1891. Texas ili mu Fifth Circuit ya ku New Orleans, pamodzi ndi Louisiana ndi Mississippi. California ili mu Ninth ya ku San Francisco. Majaji atatu akagamula, makhothi onse a m'chigawocho amatsatira, koma chigawo china sichikakamizidwa. Ndiye Supreme Court pa chaka imamva milandu yosakwana 100, pomwe ma apilo ndi masauzande ambirimbiri. Kwa anthu ochuluka, mawu a majaji atatuwo ndiwo otsiriza.

Auzeni ana nkhani ya mzinda wa Boise ku Idaho. Mu 2018 Ninth Circuit inati mzinda usalange munthu wogona panja ngati palibe malo omusungira. Mizinda ya kumadzulo inamangika manja mpaka 2024, pamene Supreme Court inatembenuza zinthu pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass ku Oregon. Nthawi yonseyi apolisi a ku Houston chigamulocho sichinkawakhudza. Kwa ine, ndale zenizeni zili pamenepa. Maloya amasankha dala kokasuma, ndipo pulezidenti akamaika majaji a apilo, amene amakhala pampando moyo wonse, amadziwa chimene akuchita.

MamaChiputula:
Ndiye osauka wa ku Texas ndi wa ku California ufulu wawo ngosiyana? Ine ayi, sizikundikomera. Bola kwathu kuno, jaji wa High Court ya Mzuzu akasiyana ndi wa ku Lilongwe, khothi la apilo ndi limodzi basi.

Nyirenda_Luwinga:
Mayi, kusiyanako n'kumene kumadzutsa Supreme Court. Zigawo ziwiri zikatsutsana, m'pamene kawirikawiri imalola kumva mlandu. Ndiponso yang'anirani circuit ya ku Washington, D.C., komwe kumapita milandu yambiri yotsutsa nthambi za boma. Majaji a Supreme Court John Roberts, Clarence Thomas, Brett Kavanaugh ndi Ketanji Brown Jackson onse anachokera kumeneko.

Mphunzitsi_waKatoto:
Zikomo a Nyirenda. Kodi chigamulo cha majaji atatuwo anzawo a khothi lomwelo angachisinthe?

Nyirenda_Luwinga:
Eya, akagwirizana kumvanso mlanduwo ali ambiri, koma sizichitika kawirikawiri.