Mafuta oterera oyenera zipangizo za silikoni

Funso: Ine ndi amuna anga tinagula kachipangizo ka m'chipinda kogwiritsa ntchito pogonana, kopangidwa ndi silikoni (chinthu chofewa ngati mphira), koma patangotha miyezi iwiri kayamba kumata ndiponso kukhakhala pamwamba. Kodi vuto lingakhale mafuta oterera amene timapakapo?

Yankho loyamba: Mayi, werengani pabotolopo. Ngati palembedwa dimethicone, mafutawo ndi a silikoni, ndipo ndiwo akuwononga, chifukwa amalowerera m'kachipangizoko n'kukafewetsa. Gulani opangidwa ndi madzi, monga K-Y Jelly. Amauma msanga, inde, koma kadontho ka madzi kamabwezeretsa kuterera.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezerepo kuti ngati mumakaveka kondomu, musayerekeze kupaka Vaseline kapena mafuta ophikira, popeza amafooketsa mphira mpaka kondomuyo kung'ambika.

Yankho lachitatu: Zipangizo zagalasi ndi zachitsulo sizisankha mafuta. Kokhakhalako katayeni, chifukwa timing'alu take timasunga majeremusi ngakhale mutsuke ndi sopo.