N'chifukwa chiyani ampangankhani ena a pa kanema amatinyansa, pomwe olemba ankafuna kuti tiwakonde?

Mphunzitsi wa ku Linga:

Ndikupatsani moni nonse. Ine ndimaphunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Nkhotakota, ndipo m'miyezi iwiri yapitayi ndakhala ndikuonera sewero lanthabwala la ku America lotchedwa Friends, limene mphwanga anandibwereka pa ma DVD. Seweroli linaulutsidwa kuyambira 1994 kufika 2004, ndipo magawo ake onse 236 ndawamaliza. Chimene chanditsalira mumtima ndi mkwiyo pa mpangankhani mmodzi, Ross Geller, amene olemba anamuika poyera kuti ndi mnyamata wophunzira, wofatsa ndi wachikondi chozama, woti tonse timufunire zabwino.

Ine ndalephera kumufunira zabwino. Pamene bwenzi lake Rachel anapeza ntchito imene ankailakalaka kwa nthawi yaitali, Ross sanakondwere naye, koma anayamba nsanje pa mwamuna wina wogwira ntchito ndi Rachel dzina lake Mark, mpaka kufika ku ofesi ndi chakudya pa nthawi imene mtsikanayo anali atamuuza kale kuti watanganidwa. Atakangana, usiku womwewo anagona ndi mkazi wina, ndipo kwa zaka zonse zotsatira ankangobwereza kuti pa nthawiyo anali atapatukana kaye. Pambuyo pake, atakwatirana ataledzera ku Las Vegas, ananamiza Rachel kuti ukwatiwo wathetsedwa pomwe iye sanauthetse. Komabe pa gawo lomaliza, ndi Rachel amene anatsika m'ndege n'kusiya ntchito ya ku Paris kuti abwerere kwa munthu ameneyu, anthu n'kumaomba m'manja.

M'kalasi timauza ana kuti mwininkhani ayenera kukhala ndi zofooka kuti aoneke ngati munthu weniweni, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezo. Nanga n'chifukwa chiyani zofooka za ampangankhani ena zimatichititsa kuwamvera chisoni, pomwe za ena zimatinyansa kuposa nkhanza za mdani weniweni wa m'sewero? Kodi vuto lili mwa olemba, kapena lili mwa ife oonera? Ndingakondwe kumva maganizo anu, ngakhale pa masewero ena osati limeneli lokha.

Mayi a ku Dwangwa:

Aphunzitsi, funso lanu landikhudza chifukwa kwathu timakangana za nkhani yomweyi pafupifupi madzulo aliwonse, kungoti ife timaonera za ku India pa Zee World. Friends sindinaionerepo, koma Pragya wa mu Twist of Fate ndimamudziwa bwino. Olemba anamupanga kukhala chitsanzo cha mkazi wabwino: wophunzira, waulemu kwa akuluakulu, wopirira, wosabwezera choipa. Abhi, woimba wotchuka uja, anamukwatira ndi cholinga chomuzunza chifukwa Aliya, mchemwali wa Abhiyo, anamuganizira Pragya molakwa kuti ndiye akumulanda mwamuna, ndipo pachiyambi tonse tinalira naye.

Koma misozi inauma. Mkazi ameneyu ankati akadziwa choonadi, mwachitsanzo kuti mimba ya Tanu, chibwenzi cha Abhi, si ya Abhiyo, m'malo mokhazika anthu pansi n'kunena poyera, ankayamba kuzungulira, kubisa, kudikira umboni umene adani ake ankaulanda mphindi yomaliza, ndipo zimenezi zinkabwerezedwa mwezi ndi mwezi. Apongozi anga, amene ndi mayi wopirira kuposa wina aliyense amene ndikumudziwa, anafika ponena kuti kumeneko si kupirira ayi koma kupusa. Ife amayi timadziwa kuti kupirira m'banja kuli ndi malire ake, ndipo zikafika poipa timapita kwa ankhoswe kukatula nkhawa. Tikamaona mkazi amene sewero likumuyamikira chifukwa chokhala chete pomwe akuponderezedwa, timamva ngati likutilangiza ifeyo kuti tizitero, ndiye mkwiyo umene unayenera kupita kwa olemba umagwera pa Pragya.

Ndikuganizanso kuti kutalika kwa sewero kumaononga mpangankhani wabwino. Seweroli lili ndi magawo opitirira 2,000, ndipo kuti lisathe, mwininkhani saloledwa kuphunzirapo kanthu pa mavuto ake. Akanachenjera pa gawo la 100, olemba akanasowa cholemba mawa lake.

Mkulu wa ku Senga Bay:

Aphunzitsi ndi inu Mayi, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma ndikufuna ndifike pamene ndikuona kuti pagona nkhani. Munthu sadedwa chifukwa cholakwa. Amadedwa chifukwa sewero lamukhululukira ife tisanamukhululukire. Kuno kwathu munthu akalakwira mnzake, pamakhala ndondomeko yake: amavomera pamaso pa anthu, amapepesa, mwina amalipira nkhuku kapena mbuzi, kenako wolakwiridwayo ndiye amanena kuti nkhani yatha. Wolakwa sadzimasula yekha. Tsono Ross amene mwamutchulayu sanadutse m'njira imeneyi. Analakwitsa dzina la mkwatibwi pa ukwati wake ndi Emily ku London, n'kutchula la Rachel pamaso pa makolo ndi alendo, ndipo m'magawo otsatira sewero linakonza zinthu mwa njira yoti Emily ndiye aoneke wovuta ndi wansanje. Mkazi wochititsidwa manyazi chotero, kwathu kuno mudzi wonse ukanakhala mbali yake.

Palinso kuseka kwa anthu kumene kumamveka m'masewero amenewa. Friends ankaijambula pamaso pa gulu la oonera, ndipo phokoso la kuseka kwawo limakhala ngati likukuuza kuti zimene wangoonazi ndi zazing'ono, usazitengere kumtima. Ngati iweyo zakupweteka, umatsala wekha pakati pa chikhamu choseka, ndipo kusungulumwa kumeneko kumasanduka chidani pa mpangankhaniyo.

Chitsanzo china ndi Ted Mosby wa mu How I Met Your Mother, sewero la 2005 mpaka 2014. Iyeyu ndiye wofotokoza nkhani, amene wakhazika ana ake awiri pansi m'chaka cha 2030 kuti awauze mmene anakumanirana ndi mayi awo. Kwa zaka 9 akusimba za akazi ena amene anayenda nawo, ndipo mayi wa anawo ataoneka, pa gawo lomaliza tikumva kuti anamwalira, ndipo bamboyu akubwerera kwa Robin, amene ankamufuna kuyambira gawo loyamba. Anthu ambiri anakwiya ndi mathero amenewa, ndipo ine ndili m'gulu lawo. Munthu amene amadzitchula yekha kuti ndi wachikondi, amenenso ali woweruza pa mlandu wake womwe chifukwa nkhani yonse ikutuluka m'kamwa mwake, n'zovuta kumukhulupirira.

Mdani wa m'sewero alibe vuto limeneli. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo adani ambiri amaidziwadi: amatisangalatsa ndi kuchenjera kwawo, satinamiza kuti ndi abwino, ndipo timadziwa kuti tsiku lawo lidzafika. Timawakwiyira mosangalala.

Namwino wa ku Benga:

Bambo a ku Senga Bay, mwafotokoza bwino, koma mwaika mlandu wonse pa olemba, ndipo pamenepo sindikuvomerezani. Nthawi zina olakwa ndife oonera, makamaka mpangankhaniyo akakhala mkazi. Taganizirani za Skyler White wa mu Breaking Bad, sewero limene linaulutsidwa kuyambira 2008 kufika 2013. Mwamuna wake Walter anali mphunzitsi wa sayansi ku Albuquerque, ndipo atapezeka ndi khansa ya m'mapapo anayamba kupanga mankhwala ozunguza bongo, kunama, mpaka kupha anthu. Skyler anali woyembekezera, akuleranso mwana wamwamuna wolumala, ndipo tchimo lake loyamba linali kufunsa mwamuna wake kumene amasowera ndi chifukwa chake ali ndi foni yachiwiri. Pambuyo pake nayenso analakwa, sindikukana, pakuti anachita chibwenzi ndi bwana wake ndiponso anathandiza kubisa ndalama za mankhwalawo kudzera m'bizinesi yotsuka magalimoto. Koma chidani cha anthu chinayamba zimenezi zisanachitike.

Chidanicho chinakula mpaka Anna Gunn, amene ankasewera mbali imeneyi, analemba nkhani mu nyuzipepala ya New York Times mu 2013 yofotokoza za masamba a pa Facebook odana ndi Skyler, ndi mmene ena anayambira kulusira iye mwini. Chaka chomwecho ndi chotsatira analandira Emmy, mphotho yotchuka ya masewero a pa kanema ku America, chifukwa cha mbali yomweyo. Apa olemba sanakhululukire munthu mwachangu. Ndife amene tinakondwera ndi wakupha chifukwa ndiye ankayendetsa nkhani, n'kudana ndi mkazi amene ankayesa kuteteza ana ake chifukwa ankatichedwetsera chisangalalo.

Pa ntchito yanga ndimaona amayi ambiri amene amatchedwa olongolola chifukwa chofunsa kumene ndalama za nsomba kapena za mpunga zapita. N'chifukwa chake ndikamva abambo akunyoza Skyler, mtima wanga sukhala m'malo. Ngakhale za Pragya, Mayi a ku Dwangwa, ndikufunseni mwaulemu: Abhi amene anamukwatira kuti amuzunze, amenenso ankakhulupirira bodza lililonse la Tanu ndi Aliya, kodi kwanuko amakwiyiridwa mofanana ndi mkazi wakeyo?

Mayi a ku Dwangwa:

Anamwino, mwandigwira pakamwa. Kunena zoona, Abhi timamuseka n'kumusiya, ndipo atsikana a m'nyumba mwanga amamukonda chifukwa cha maonekedwe ndi nyimbo zake. Funso lanu ndikalitula kwa apongozi anga madzulo ano.

Mphunzitsi wa ku Linga:

Zikomo nonse. Mfundo ya Bambo a ku Senga Bay yandimasulira chimene chinkandivuta pa Ross, chifukwa nditabwerera ku magawo ena ndapeza kuti Chandler, mnzake wa Ross, nayenso amanama ndi kuthawa maudindo, mpaka anakwera ndege yopita ku Yemen pofuna kuthawa chibwenzi chake Janice m'malo momuuza zoona, koma iye amadziwa kuti ndi wamantha ndipo pofika pa ukwati wake ndi Monica amakhala atasintha. Ross wa mu 2004 akutsutsabe mlandu wa mu 1997 wogona ndi mkazi wina uja.

Komabe mawu a Anamwino andichititsa kuti ndidzifunse za Emily, amene nanenso ndinamuona ngati wovuta pamene ndinkaonera koyamba, osaganizira manyazi amene anamugwera paguwa paja. Sukulu ikatsegulidwa ndikufuna ndikapatse ana a Fomu 3 nkhani ya ukwati wa ku London umenewu, theka la kalasi likhale ankhoswe a kuchimuna ndipo theka lina ankhoswe a kuchikazi, ndione ngati anyamata ndi atsikana akagamule mofanana.