Kodi ngodya imakula ndi utali wa mizere yake?

Mayi wa ana awiri:
Ndithandizeni inu odziwa masamu. Mwana wanga wapatsidwa ngodya ziwiri kuti anene yaikulu. Yoyamba mizere yake ndi yaitali mpaka m'mphepete mwa tsamba, koma ndi yopanikizana. Yachiwiri mizere ndi yaifupi, koma yatseguka kwambiri. Iye wakakamira yoyambayo, ati ikudya malo ambiri papepala. Mtima wanga ukukana, koma mawu omufotokozera akundisowa. Chinanso, buku likusiyanitsa ray ndi line segment, pomwe ine ndikungoona mzere basi.

Mphunzitsi wa masamu:
Mayi, mwalondola, ndipo mafunso anu awiriwa yankho lake ndi limodzi. Tiyambe ndi mizere. Line segment ili ndi poyambira ndi pothera, tinene A ndi B. Mukhoza kuikapo rula n'kupeza masentimita 6. Ray ili ndi poyambira pokha, mbali inayo imangopitirira, n'chifukwa chake amaikako kamuvi. Mukaona mivi mbali zonse ziwiri, imeneyo ndi line.

Tsono ngodya ndi ma ray awiri ochokera pa dontho limodzi, lija amati vertex. Poti ray ilibe mathero, utali umene mukuona papepalapo ukungosonyeza pomwe pensulo inalekera. Chimene timayeza ndi kutseguka kwa pakati pa mizereyo, m'madigiri. Muuzeni atenge rula, atalikitse mizere ya ngodya yachiwiri ija mpaka ipose ya yoyamba, kenako mumufunse ngati kutseguka kwasintha. Musamuuze yankho. Ana ambiri amasokonezeka pamenepa, ndipo zimandipweteka akamangoloweza mayina asanaione mfundoyi ndi maso awo.

Kholo linzanu:
Ine wotchi ndi imene inatithandiza. Kuzungulira konse ndi madigiri 360, manambala alipo 12, ndiye kuchoka pa nambala ina kufika pa yotsatira ndi madigiri 30. Pa 1 koloko mivi imapanga 30, imeneyo ndi acute chifukwa sinafike 90. Pa 3 koloko ndi 90 ndendende, right angle. Pa 5 koloko ndi 150, obtuse chifukwa yaposa 90 koma sinafike 180. Pa 6 koloko mivi yawongoka, 180. Ikani wotchi yapamkono pafupi ndi yapakhoma nthawi ikakwana 3 koloko: mivi ina ing'onoing'ono, ina italiitali, koma ponse pawiri ndi 90.

Wophunzira wa ku sekondale:
Amayi, achenjerenso ndi protractor, chida choyezera ngodya m'madigiri. Ili ndi mizere iwiri ya manambala, moti pamalo amodzi pamakhala 60 ndi 120. Asanawerenge, apinde pepala pakati, alipindenso mphepete yopindayo igwirizane bwinobwino, ndiye kona yake ndi 90. Akaliika pa ngodyayo n'kuona kuti ngodya yabisika pansi pa pepala, asankhe 60. Ikatulukira kunja, ndi 120.

Polemba mayina, vertex imakhala pakati: pa ngodya ABC, mizere ikukumana pa B. Ray AB ikuyambira pa A kudutsa pa B, choncho si imodzi ndi ray BA. Koma segment AB ndi BA ndi yomweyo.