Wodwala TB akumwa huang qin, ALT yakwera: titani?

Wa famase, Mzuzu: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi wodwala, bambo amene ali pa mwezi wachiwiri wa mankhwala a TB. Mapazi akuchita dzanzi, usiku akuwotcha. Alamu awo omwe amakapikula katundu ku Guangzhou ku China awabweretsera timizu touma tachikasu, papaketi palembedwa Huang Qin, akuti timathetsa kutupa ndi kulimbitsa mitsempha. Akumawiritsa n'kumamwa madzi ake. ALT, muyezo wa m'magazi wosonyeza ngati chiwindi chikuvulala, yakwera kuwirikiza kawiri mlingo wake, koma maso sanachite chikasu.

Namwino, Dedza: Achimwene, pyridoxine, vitamini B6 uja, akumwa?

Wa famase, Mzuzu: M'kabuku kawo mulibe, asisi.

Namwino, Dedza: Ndiye dzanzilo gwero lake likhoza kukhala isoniazid, mankhwala a TB amene amasowetsa vitamini B6 m'thupi. Muzu sungabwezeretse zimenezo.

Wa famase, Zomba: Muzuwo ndi Scutellaria baicalensis. Ku China akhala akuugwiritsa ntchito kwa zaka pafupifupi 2,000 pa kutentha thupi, chifuwa ndi kutsegula m'mimba, kawirikawiri mophatikiza ndi zitsamba zina. Muli zinthu zotchedwa baicalin, baicalein ndi wogonin, ndipo nkhani yoteteza mitsemphayo kwenikweni yachokera ku kafukufuku wa pa mbewa ndi m'labu. Chondidetsa nkhawa ine ndi chiwindi. Ku America kunali Limbrel, mankhwala a nyamakazi okhala ndi baicalin, ndipo FDA, bungwe loyang'anira mankhwala kumeneko, inachenjeza anthu mu 2017 ena atavulala chiwindi ndi mapapo. Ku Japan nako mankhwala azitsamba otchedwa sho-saiko-to, momwe mulinso muzu womwewu, anatupitsa mapapo a odwala ena. Nanga munthu amene mapapo ake ndi odwala kale, uku mankhwala a TB a isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide akulemetsa chiwindi?

Wa famase, Mzuzu: Nanga a TB-wo tiwaimitse kaye?

Dokotala, Lilongwe: Ayi. Timaimitsa ALT ikapitirira kasanu mlingo wake, kapena katatu ngati pali mseru, kusanza kapena kupweteka m'mimba. Chikasu chikaoneka m'maso, timaimitsa nthawi yomweyo. Apa asiye muzuwo lero, ayambe pyridoxine, mowa asaukhudze, ndipo muyezenso ALT sabata yamawa. Muwayezenso shuga, HIV ndi hepatitis B ngati sanayezedwe.

Namwino, Dedza: Powauza musawanyozere mphatso ya alamu awo, angamakamwere mobisa. Muwafotokozere kuti chiwindi chawo chili ndi ntchito yambiri kale miyezi imeneyi.

Wa famase, Zomba: Jambulani paketiyo mbali zonse, mudzaze fomu ya zotsatira zoipa za mankhwala ipite ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi muno.

Wa famase, Mzuzu: Zikomo nonse. Ndawaimbira, akubwera mawa m'mawa ndi paketi yake.