Ndani anayesapo FMS pa anyamata a mpira?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa timu ya anyamata a mpira wamiyendo, ndipo ambiri akudandaula mawondo ndi akakolo.

Ndikufuna kuwayeza ndi Functional Movement Screen (FMS), njira yoyezera mmene thupi limasunthira, imene anayambitsa Gray Cook ndi Lee Burton ku America. Ili ndi mayeso 7, lililonse mapointi 0 mpaka 3, onse pamodzi 21. Womva kupweteka poyezedwa amapatsidwa 0, ndipo ameneyo ndi wa kuchipatala, osati wa pabwalo.

Chandivuta ndi yeso lonyonyomala atakweza ndodo pamwamba pa mutu. Anyamata anga zidendene zimanyamuka, mawondo n'kumagwera mkati. Kodi vuto ndi akakolo ouma kapena minofu ya m'chiuno yofooka? Ndiyambe kukonza chiti, ndipo ndi masewera ati?

Zida za FMS ndi zodula, ife ndalama tilibe. Mpini wa tsache, thabwa ndi chingwe zingakwane?

Ena amati wopeza 14 kapena kucheperapo sachedwa kuvulala. Ine ndikukayika kuti nambala imodzi inganene zonsezo. A physiotherapy muli muno, inu mumaiona bwanji?